Wa mafizo uja, pepala lake munaliona?

Ku Mangochi kuno mapepala timadziwa kufunsa. Munthu akafuna kugula injini ya boti kapena njinga yamoto yolowera ku Chiponde, amayamba wafunsa kuti mapepala ali kuti, ndipo wogulitsa akayamba kukanda m'mutu malonda amathera pomwepo. Koma munthu yemweyo amapereka mkono wa mayi ake, womwe wafa ndi sitiroko, kwa mlendo amene wangovala gawuni yoyera, osafunsa ngakhale kumene anaphunzira. Sindikuti ndi umbuli. Ambiri sitidziwa n'komwe kuti ntchito ya mafizo (physiotherapy, yothandiza ziwalo zofooka kapena zovulala kuti zigwirenso ntchito) ili ndi chiphaso. Timaiyesa yongosisita basi, yoti aliyense wa manja amphamvu angaigwire.

Amalume anga anagwa pakhomo m'mawa wina akunola khasu. BP anali nayo kalekale, koma mankhwala ankamwa akamva mutu, mutu ukaleka n'kuwaiwala pawindo. Mbali ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu ankatuluka olemera. Atawatulutsa m'chipatala anawalembera m'kabuku kuti azibwera ku mafizo. Malangizo abwino ndithu, koma kwawo n'kutali ndi boma, ndipo munthu wosatha kukhala tsonga sumukweza kabaza. Galimoto ya hayala sabata ndi sabata, kwa banja lodalira dimba, inali nkhani yongoseka. Ndiye anangokhala pamkeka, akuwasamalira msuweni wanga, mwana wawo wamkazi.

Mbiri ya wodwala sichedwa kuwanda. Posakhalitsa kunatulukira mnyamata wina amene anakhalako ku Joni, waulemu wake, wodziwa kulankhula ndi akuluakulu. Anali ndi chikwama chakuda, m'katimo muli kamakina konjenjemera kotchaja ngati foni, botolo la mafuta onunkhira mwamphamvu otenthetsa khungu, ndi gawuni yoyera imene ankaivala akafika pakhomo. Ankadzitchula kuti dokotala wa mitsempha. Ankabwera yekha pa njinga, ndalama yake inali yotheka, ndipo ankalola ngongole. Kunena zoona, pa anthu onse a zaumoyo, iye yekha ndi amene anafika pakhomo pa amalume.

Tsiku lina ndinamupeza ali pa ntchito. Amalume anali atawakhazika pa mpando wa ndalema. Iye anaima kumbuyo kwawo, n'kugwira mkono wakufawo pa dzanja, n'kuukokera m'mwamba mpaka kupitirira mutu, kenako kuusiya kuti ugwe, n'kuukokanso. Amalume ankaluma mlomo, misozi ikutuluka diso limodzi.

"Limbani mtima, mjomba," ankatero. "Kupweteka ndiye kuchira kumeneko. Mitsempha ikudzuka."

Msuweni wanga anali chilili pakhomo ndi beseni la madzi otentha ndi kansalu, kudikira kuti athowe phewa akamaliza. Tonse tinkagwedeza mutu. Mawu akuti mitsempha ikudzuka ankatikoma m'makutu.

Phewa litayamba kuwasowetsa tulo, abale anasonkha ndalama ya galimoto. Amene anatilandira ku mafizo anali mtsikana wamng'ono ndithu, woti pamsika ungamuyese wa sekondale. Sanayambe n'kusisita. Anawerenga kabuku, anayeza BP, anafunsa za shuga, anawatsina pang'ono pamkono ndi pamwendo kuti aone pamene akumva ndi pamene sakumva. Kenako anaika chala pamwamba pa phewa, ndipo chalacho chinalowa m'kampata kamene kuphewa linalo kunalibe.

"Bambo, mkonowu amakukokani ndani?"

Palibe anayankha. Iye sanakalipe. Anatifotokozera kuti fupa la mkono silikhala m'phewa molimba ngati la m'chiuno. Chimaligwira kwambiri ndi minofu. Minofuyo ikafooka ndi sitiroko, kulemera kwa mkono wokha kumalitsitsa fupalo, ndiye wina akamaukokanso, kaya pochita mafizo kaya podzutsa wodwala pamkeka, zam'kati zimavulala ndipo ululu wake umatha miyezi. Anamuonetsa msuweni wanga kuika pilo pansi pa mkono amalume akakhala, kuwadzutsa powagwira m'thupi osati pamkono, ndi kuwagoneka chammbali phewa litatsogola. Ataona kachipsera pamsana pa phewa, anafunsa za madzi othowera. Khungu la mbali imeneyo silinkamva bwino kutentha, ndiye amalume ankapsa osadziwa.

Tikutuluka anawonjezera mawu amene sindinawaiwale: "Achemwali, mukadzaona katumba katupa mwendo umodzi, kakutentha, kakupweteka, musadzasisite ngakhale pang'ono. Mudzabwere nawo tsiku lomwelo." Munthu wogona nthawi yayitali magazi amatha kuundana mu mtsempha wa mwendo, ndipo kusisita kungathothole chibulumacho n'kukatseka m'mapapo. Munthu amafa akuoneka ngati anali kuchira.

Apa m'pamene ndinamvetsa chimene chiphaso chimaimira. Manja a mnyamata uja anali aluso, ndipo ndikhulupirira kuti mtima wake sunali woipa. Chimene analibe ndi kudziwa pamene sayenera kugwira. Ululu wa msana umene ambiri timathamangira nawo kokaupondetsa nthawi zina umakhala TB ya msana, fupa litadyeka kale, ndipo kulidina mwamphamvu kungamulumalitse munthu miyendo yonse. Dzanja la mwana amene wagwa mu mtengo wa mango likhoza kukhala lothyoka pamene ife tikuti langobinya. Zaka zimene wa mafizo amakhala pa sukulu, mbali yaikulu amaphunzira zimenezi: kusiyanitsa, kukayikira, ndi kubweza wodwala kwa dokotala zikakhala kuti si zake.

Bungwe loyang'anira ntchitoyi kuno kwathu ndi Medical Council of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987 lotchedwa Medical Practitioners and Dentists Act. Likulu lake lili ku Lilongwe. Dzina la lamuloli limangotchula madokotala ndi a mano, koma kaundula wa bungweli ndi wotakata: muli ma clinical officer, ma medical assistant, a ku labu, ojambula X-ray, ndiponso a mafizo. Anamwino ndi azamba ali ndi lawo, Nurses and Midwives Council of Malawi, pomwe za mankhwala ndi ogulitsa mankhwala zili m'manja mwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Munthu akamaliza sukulu, satifiketi ya ku koleji payokha simulola kugwira odwala. Ayenera kulembetsa, ndipo sukulu imene waphunzirayo iyenera kukhala yovomerezeka ndi bungweli. Wophunzira kunja amayamba waunikidwa ndi kugwira ntchito moyang'aniridwa m'chipatala chovomerezeka. Kulembetsako sikwa kamodzi n'kuiwala. Kumakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo munthu amayenera kuonetsa kuti akupitiriza kuphunzira zatsopano za ntchito yake. Wofuna kutsegula kiliniki yakeyake amafunika chilolezo china, malowo n'kuyenderedwa. Ndipo wodwala akalakwiridwa ali ndi kokadandaula: bungweli lili ndi mphamvu yofufuza, kuchenjeza, kuimitsa munthu ntchito, ngakhale kumufufuta m'kaundula.

Mphamvu yomalizayi ndi imene ine ndimaiona yolemera. Pepala silisandutsa munthu mngelo. Wa chiphaso naye amalakwitsa, ena amanyoza odwala, ena amachita ulesi. Koma ali ndi choti angataye, ndipo amadziwa. Ntchito ya mafizo ndi yogwira thupi, nthawi zina wodwala atavula malaya, chitseko chili chotseka. Kuno kumene amayi ambiri safuna kugwiridwa ndi mwamuna wachilendo, nkhani imeneyi si yaing'ono. Wophunzira bwino amayamba wafotokoza chimene akufuna kuchita ndi kupempha chilolezo, ndipo mayi akati gadiyani wake akhale pomwepo, sakana. Akapyola malire, dzina lake lili m'buku ku Lilongwe. Wa chikwama chakuda akapyola malire, mawa amangosintha nambala ya foni.

Kuti timvetse chifukwa chake a mafizo ali osowa chonchi, tikumbuke kuti ntchitoyi ndi yaing'ono msinkhu m'dziko muno. Kwa zaka zambiri amene ananyamula katunduyu ndi bungwe la MAP, lomwe linayamba mu 1979 ndi dzina lakuti Malawi Against Polio, kenako n'kukhala Malawi Against Physical Disabilities poliyo atachepa. Akuluakulu amakumbukira galimoto zawo zikuyenda m'zipatala za m'maboma ndi ndodo, nsapato zachitsulo ndi njinga za olumala. Ndi iwo amene anayambitsa malo a Kachere ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queens, komwe odwala sitiroko ndi ovulala msana amakagonekedwa kuti aphunzirenso kuyenda, komanso komwe kwaphunzitsidwa ma rehabilitation technician a dipuloma, othandizira pa ntchito ya mafizo. Wofuna digiri ya mafizo ankayenera kutuluka kunja. Digiriyo inayamba kuphunzitsidwa muno mu 2010 ku College of Medicine, pamene a mafizo m'dziko lonse anali osakwana 50. Kolejiyo inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing mu 2021 n'kupanga yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yomwe ili ndi nthambi yake konkuno ku Mangochi. A mafizo alinso ndi bungwe lawo la akatswiri, Physiotherapy Association of Malawi, koma limenelo ndi lowayankhulira ndi kukweza ntchito yawo; chiphaso chimachokera ku Medical Council.

Tsono ikani zimenezi pambali pa boma lathu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 1.1 miliyoni m'Mangochi, omwazikana kuyambira ku Makanjira mpaka ku Chilipa, kuchokera ku Monkey Bay kukafika ku Katuli. Ofuna mafizo ndi ambiri kuposa mmene timaganizira. Si a sitiroko okha. Pali anyamata a kabaza amene achotsedwa chikhakha bondo litauma, ana amene anachedwa kulira pobadwa kapena amene malungo anawafika ku bongo, makanda obadwa mapazi atapindika, amayi amene msana unatha ndi mtolo wa nkhuni, asodzi amene mapewa anaperepeseka ndi kupalasa ndi kukoka makoka. Zikavuta kwambiri amatumizidwa ku Zomba Central kapena ku Blantyre, ulendo umene munthu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja amauganizira kawiri. Ndipo mafizo si jakisoni woti ubaye kamodzi n'kubwerera. Amafuna kubwerezabwereza, miyezi.

Mpata umenewu ndi umene anyamata a zikwama akudzaza. Pali ena a makina oti ukagwira kachitsulo kompyuta imatchula matenda onse a m'thupi, kenako n'kukugulitsa mabotolo. Pali a masaji a m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, omwe ntchito yawo ilibe vuto bola isatchedwe chithandizo cha sitiroko. Pali anyamata a ku jimu ndi othamanga ndi botolo la madzi m'mabwalo a mpira, omwe timawatchula kuti adokotala a timu. Onsewa sindikuwaika m'thumba limodzi, koma malire ake ndi osavuta kuona: ukayamba kulandira ndalama ponena kuti ukuchiza matenda, walowa m'munda wa eni.

Nanga agogo othowa? Nanga asing'anga olunzanitsa mafupa ndi timitengo? Apa lamulo lija linasiya khomo lotsegula mwadala. Limanena kuti sililetsa munthu kuchiza mwa njira za makolo, kupatula kuchita chinthu choika moyo pachiswe. Ine ndimagwirizana nalo. Sindifuna kuona apolisi akuthamangitsa agogo amene athowa mdzukulu wawo wobinya phazi. Amene apita kwa sing'anga amadziwa kumene apita, ndipo asankha okha. Amene amandivuta ndi wobwereka gawuni ya chipatala, mawu a chipatala ndi ulemu wa chipatala, chifukwa wodwala amayesa kuti wafika m'manja mwa anthu a sukulu pamene sanafike. Amalume akanauzidwa kuti uyu ndi wosisita chabe, mwina akanamulolabe, koma tsiku loyamba lomwe phewa linapweteka akanamuletsa.

Maiko ena nkhaniyi anaimanga mothina. Ku America chiphaso cha mafizo sichichokera ku boma lalikulu. Chigawo chilichonse, kaya Texas kaya California, chili ndi bodi yakeyake ndi malamulo akeake. Mayeso ndi amodzi dziko lonse, otchedwa NPTE, ndipo masiku ano wolowa ntchitoyi amakhala ndi digiri ya udokotala wa mafizo, koma chiphaso cha chigawo china sichigwira ntchito chokha m'chigawo china. Zinafika povuta mpaka zigawo zambiri zinapangana mgwirizano wotchedwa PT Compact kuti munthu asamayambirenso pachiyambi akawoloka malire. Ife vuto limenelo tilibe: wolembetsa ku Lilongwe akhoza kugwira ntchito ku Chitipa kapena ku Namwera. Ku Britain dzina lenilenilo la ntchitoyi ndi lotetezedwa, moti kudzitchula nalo usali m'kaundula wa HCPC, bungwe loyang'anira ntchitoyi kumeneko, ndi mlandu. Ku Joni komwe mnyamata wathu anagula kamakina kake, akanafuna kutsegula malo ochizira anthu akanakumana ndi HPCSA, bungwe la kumeneko longa Medical Council yathu. Chimene ndimasirira m'maiko onsewa si kukhwima kwa mayeso, koma kuti munthu wamba amalemba dzina pa intaneti n'kuona ngati amene akufuna kumugwirayo ali m'kaundula.

Kwathu kuno kuyang'anira kumagwira bwino amene ali ndi khomo ndi chikwangwani. Kiliniki ukhoza kuiyendera, kuona mapepala pakhoma, kuitseka. Koma munthu woyenda pa njinga, amene ofesi yake ndi chikwama ndipo otsatsa malonda ake ndi amayi a pa mjigo ndi gulu la WhatsApp, woyendera wochokera ku Lilongwe adzamupeza kuti? Bungwe limadalira madandaulo, ndipo ife kudandaula sitikonda. Ndinafunsa msuweni wanga ngati tikanene. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Achimwene, mwana wa eni ake uja? Mayi ake timakumana nawo pamaliro. Komanso iye uja amabwera, a pepalawo anabwerapo?"

Funso lachiwirilo ndilibe nalo yankho lokoma, ndipo aliyense wolankhula za ziphaso ayenera kuliyang'ana m'maso. Lamulo longoletsa, osabweretsa wololedwayo pafupi, limasiya wodwala pamkeka. Ukathamangitsa wa chikwama lero, amalume a wina mawa alibe aliyense. Chowawitsa mtima n'chakuti achinyamata omaliza maphunziro a zaumoyo amakhala nthawi akudikira kuti boma liwalembe ntchito, pamene midzi ikusowa anthu omwewo. Ena amatsegula zawo m'tauni, kumene kuli anthu a masikimu a zachipatala, ndipo sindiwada. Nawonso ali ndi lendi yoti alipire.

Komabe sindivomera kuti chithandizo chilichonse chimaposa kukhala opanda. Phewa la amalume likanakhala bwino likanangosiyidwa pa pilo. Ndipo njira ina ilipo, tinaiona ndi maso. Mtsikana uja sanawachize amalume ndi manja ake. Anaphunzitsa msuweni wanga, n'kumujambulira tizithunzi kumapeto kwa kabuku: kukhala m'mphepete mwa bedi mapazi ali pansi, kuimirira atagwira tebulo, kusuntha kapu ndi dzanja lodwalalo mothandizidwa ndi linzake, kutsegula zala pang'onopang'ono kuti zisafumbatiretu. Iye ankangoona mwa apo ndi apo n'kusintha zochita. Ntchito yatsiku ndi tsiku inagwiridwa ndi munthu wopanda pepala lililonse, koma motsogozedwa ndi wa pepala. Dziko la a mafizo ochepa liyenera kuyenda chonchi, ndipo ndikanakonda alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene amafika kale pakhomo ndi katemera ndi sikelo, akanamadziwa zinthu zochepa zomwezi: osakoka mkono, osathowa posamva, osasisita katumba kotupa, tembenuzani wogona kuti asachite zilonda.

Ngakhale mnyamata uja sindimuona ngati wotayika. Anthu amamukhulupirira, midzi amaidziwa, njinga ali nayo. Atapatsidwa maphunziro ochepa ndi malire omveka, n'kumayankha kwa wa mafizo wa pa boma, akhoza kukhala phazi la chipatala kumene chipatala sichifika. Koma zimenezo zimafuna kuti avule kaye gawuni ndi udokotala wodzipatsa, ndipo ndalama yake ili m'gawunimo.

Kwa a bungwe ndili ndi pempho limodzi lokha. Kaundula amene mayi wa ku Katuli sangamufikire ndi kafoni ka mabatani sanamuthandize mayiyo. Ngati timatha kuona ndalama zotsala ku Mpamba kapena Airtel Money podina manambala ochepa, zingatheke kudina nambala ya chiphaso n'kulandira dzina ndi ntchito ya mwini wake. Wayilesi za m'madera zilipo, mizikiti ndi matchalitchi zilipo, mafumu alipo. Uthenga woti wa mafizo amakhala ndi chiphaso ukhoza kufika paliponse m'mwezi umodzi, m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Pakadali pano chotsala ndi kufunsa, ngakhale kumaoneka ngati mwano. Munaphunzira kuti? Munalembetsa ku Medical Council? Tingaone? Amene ali nacho sakwiya. Ambiri amasangalala kuti wina wadziwa kuti anavutikira. Amene amayamba kufotokoza kuti mapepala anatsala ku Joni, kapena kuti luso lake ndi lobadwa nalo, wayankha kale. Onaninso ngati wapempha kabuku ka kuchipatala asanagwire wodwala, ndiponso ngati walembamo chimene wachita.

Amalume pano amayenda ndi ndodo mpaka kudimba, ngakhale khasu analisiya. Dzanja silinabwerere lonse, ndipo phewa limawakumbutsabe kukazizira. Msuweni wanga wasanduka wofunsidwa m'mudzi: wina akagwa ndi BP amamuitana, iye amakaonetsa za pilo ndi kadzutsidwe, ndalama salandira, ndipo zikapitirira pamenepo amawauza kuti asonkhe ya galimoto. Mnyamata uja anasiya kuyenda pa njinga. Anapeza kachipinda pa msika wina wa m'mbali mwa msewu, ndipo pa chikwangwani chake, pansi pa sitiroko ndi msana, wawonjezerapo shuga ndi kusabereka.